Maliro a Abambo Akadali Moyo

Mwana wanga wamwamuna atapita ku Joni anandisiyira zinthu ziwiri pakhomo: mkazi wake ndi galimoto yakufa. Galimotoyo ndi kapikapu kamene anabwera nako ulendo woyamba. Kanayenda pang'ono pamsewu wa ku Manyamula, kenako kanakhala pansi pa mtengo wa mango osadzukanso, matayala n'kugula anthu a ngolo. Mkaziyo ndiye wamoyo, wamoyo chomene. Ndi mwana wa ku Ntcheu, anabwera kudzaphunzitsa kusekondale ku boma, mwana wanga n'kumuona, ng'ombe za malowolo n'kupita. Akwawo anadabwa kuti ng'ombe n'zachiyani, koma sanazibweze.

Kuno mkazi wa mwana wako timati mkamwana. Ndi yemweyo akundilembera mawu anowa, poti ine cholembera ndimachidziwa pokanda m'khutu basi. Chitumbuka chimamupunthwitsabe, n'chifukwa chake ndikuyankhula chakwawo. Mukaona pena akuoneka wabwino kwambiri, mudziwe kuti wawonjezera yekha.

Ntchito imene amalandirira malipiro ndi ya choko, koma mtima wake uli pa mabuku amene amalemba, mabuku a anthu ophana ndi apolisi owasaka. Angapo anatuluka kale. Ine sindinawawerenge koma ndinawanyamula, ndi olemera bwino, ndipo pachikuto pa limodzi pali dzanja lotuluka m'thumba la feteleza.

Polembera pake ndi m'galimoto yakufa ija. Akuti m'nyumba ziwiya zimamuitana. Loweruka m'mawa akangosesa, amalowa pampando wa dalaivala, thabwa pachiwongolero, kompyuta pathabwa, mbale ya mtedza wokazinga pampando winawo. Mtedza ukatha, nkhani nayo imaima. Ndinaphunzira msanga kuti munthu wa m'buku akachedwa kufa, vuto ndi mtedza.

Pansi pa galasi lakutsogolo amandandalikapo mbewu. Nyemba yofiira ndi wakupha, yoyera ndi wophedwa, njere za chimanga ndi apolisi, nzama ndi mboni zabodza. Amazisuntha uku akuyankhula yekha. Tsiku lina ndinamva kukuwa ngati waponda njoka.

"Amama, thamangani! Nkhuku yameza wakupha!"

"Si ungotenga nyemba ina?"

"Inayo siikuidziwa nkhaniyi, amama."

Nthawi zina amanditulukira ndili kutonola chimanga. "Amama, ndapota, tandiferani pang'ono." Ine ndimafa. Ndafapo chagada, chafufumimba, chammbali, kuti aone mmene chitenje chimagwera ndi kumene patapata amathawira. Mayi wina woyandikana nafe anandipeza nditafa pafupi ndi nkhokwe, mkamwana ataima kumutu kwanga akulemba. Anaponya ndowa pansi n'kuyamba kubuma. Ndinadzuka kuti ndimutonthoze, ndiye anathawiratu, ndowa tinachita kumutumizira.

Patchuthi anzake amapita kokaona abale. Iye amapita kukhoti ku boma kukakhala kumbuyo n'kumamvera milandu ya eni ake, kapena tsiku la msika ku Manyamula kukaima pafupi ndi ogulitsa mbuzi, poti akuti palibe amanama mokoma ngati iwo. Ndipo amaba. Saba nkhuku kapena chimanga, amaba anthu: uyu amubera katsimphinidwe, uyo kasekedwe, wina mano ake onse. Wogulitsa nyama wina wa ku boma anadzipeza m'buku ali wakuba ng'ombe, anakondwa moti mpaka lero amatiikira banyira wa mafupa.

Tsopano mumve za abambo, mwamuna wanga. Makolo awo ndi a ku Edingeni, iwo ndi mkulu wa mpingo, munthu wa njinga ya mabelu awiri ndi chipewa chosomeka nthenga ya nkhanga. Asanayankhule amatsokomola kawiri, ngakhale akuyankhula ndi ng'ombe. Mwambo wathu ndi wakuti mkamwana sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Akakumana panjira, iye amapatukira m'maudzu n'kugwada. Pakakhala mawu, amadzera mwa munthu wina. Zimatha apongoziwo akamupatsa nkhuku yomutsegulira pakamwa. Mabanja ambiri masiku ano nkhukuyo amapereka ukwati usanazizire, ena sazilabadiranso n'komwe. Koma abambo ankangoti nkhuku yoyenera sinabadwe. Choncho mawu onse a pakati pa awiriwa ankayenda ndi miyendo yanga.

Mkamwana ali ndi chizolowezi china. Akamaliza chigawo amachiwerenga mokweza, akuti khutu limagwira zimene diso laphonya. Khola la ng'ombe lili kuseri kwa mango uja. Chilimwe chimenecho ndinaona abambo akukonza khola Loweruka lililonse, mbali imodzimodzi, mtengo umodzimodzi, kuuzula n'kuukwiriranso. Ndinati ndi ukalamba. Kani ankamvetsera buku.

Ndipo m'bukumo munali mdala wa njinga ya mabelu awiri, wa chipewa cha nthenga ya nkhanga, wotsokomola kawiri. Anamupeza atafa pansi pa mlatho, kumunsi kwa mtsetse, njinga ili pamwamba pake.

Masana ena abambo anandiitanira pakhonde. Anatsokomola kawiri n'kuwonjezera kachitatu, ndinadziwa kuti zavuta.

"Amayi, mwana wanu wandipha."

"Koma mukuoneka bwino, abambo."

"M'buku. Pansi pa mlatho."

Ndinayamba kupepesa kuti ndi nthano chabe, mwana sanaganize bwino. Anandidula ndi dzanja.

"Za kufazo ndilibe nazo mawu. Aliyense adzafa, ndipo ine ndafa bwino, chipewa chili kumutu. Koma mwamva mmene wandiikira m'manda?"

Anali ataloweza. Anaimirira ngati akuwerenga vesi kutchalitchi.

"Akuti anamuika mawa lake, mvula ikuwaza, anthu ali ochepa. Mbwenu basi, kwatha! Mzere umodzi! Ine? Anthu ochepa? Ng'ombe sinagwe, ingoma sinavinidwe, abusa sakutchulidwa n'komwe. Galu wa apolisi wamupatsa tsamba lonse, mpaka mtundu wa mchira."

"Pepani abambo, mwina galuyo..."

"Mukamuuze kuti pakhomo panga pano sadzalembanso. Galimotoyo ndiitana anyamata ogula zitsulo adzaiphwasule. Ana a sukulu aziwerenga kuti ndinakwiriridwa ngati mphaka?"

Ndinawoloka bwalo kupita kumango. Mkamwana anamva zonse, nthabwala zake n'kuzimiratu. Anatseka kompyuta pang'onopang'ono.

"Amama, ine ndikapanda kulemba ndimadwala, mukudziwa. Osindikiza akulifuna bukuli mvula isanagwe. Ngati pano sindilemba, ndikapempha kuti andisinthe sukulu, ndibwerere kwathu."

Mwana ameneyu saopseza. Akanena kuti apha munthu Loweruka, munthuyo amafadi Loweruka. Ine ndinabereka ana aamuna okhaokha ndipo onse ali ku Joni, amandikumbuka pafoni pa Khirisimasi. Wondithowa mawondo ndi madzi otentha, woseka nane mpaka misozi, ndi yekhayu. Ndimutaye chifukwa cha maliro a munthu amene wakhala pakhonde akudya mbatata? Ndinamanga chitenje mwamphamvu n'kuyamba ulendo wa khonde, galimoto, khonde, galimoto, mpaka m'bwalo munachita kanjira.

Mawu ena ndi olemera, munthu sungafike nawo onse. Mkamwana anati, "Mukawauze kuti buku la kuphana si mwambo wa maliro. Owerenga akufuna wakupha, osati nyimbo za kwaya." Ine pofika pakhonde ndinati, "Akuti wapepesa chomene. Anafupikitsa chifukwa misozi inkamutchinga m'maso." Abambo anati, "Mukamuuze kuti aphunzitsi a masiku ano m'mutu muli choko chokhachokha." Ine pofika kumango ndinati, "Akuti munthu wanzeru ngati iwe sungalephere kukonza."

Tinayamba ndi ng'ombe. Abambo ankafuna zigwe zitatu. Mkamwana anati mdala wa m'bukuyo ndi wosauka, khola lake ndi laling'ono. Abambo anati alikulitse, inki sinathe. Tinagwirizana ziwiri, imodzi yakuda. Kenako mvula. Abambo anati ichoke. Mkamwana anagwira mutu.

"Amama, mvula ija ndi imene ikufufuta mapazi a wakupha. Ikachoka, apolisi amugwira mawa, buku lithera pachikuto."

Ndinabwerera pakhonde. Abambo anaganiza, n'kulamula kuti mvula igwe ndithu, koma anthu atadya. Zinatero. Abusa analowamo, amayi a kumpingo ovala zoyera anaimba mpaka mawu kusasa, kenako amuna a ku Edingeni anafika ndi zishango ndi zibonga n'kuponda ingoma, fumbi kukwera kupitirira mitengo, nthungululu kumveka mpaka ku boma. Mkazi wa malemu analira moti anachita kumugwira anthu anayi. Abambo atamva zimenezo kuseri kwa khola, anabwera kudzandiuza kuti ndalira bwino.

Koma msuweni wawo wa ku Euthini sanaoneke pamaliropo, poti mkamwana samudziwa n'komwe. Atakumana naye ku boma, abambo anamupatsa moni wa nsonga za zala. Munthuyo anadzandifunsa kuti walakwanji. Ndikanamuuza bwanji kuti sanabwere kudzaika munthu amene wangomupatsa moni?

Chodabwitsa n'chakuti mkamwana anayamba kukondwa nawo malirowo. Anapeza kuti onse owakayikira ali pamalo amodzi, ndiye anaimika wapolisi wake wamkazi pansi pa mtengo kuti aziona amene akulira popanda misozi ndi amene akubwereza nyama. Mtedza unkatha mbale ndi mbale. Anandinong'oneza kuti, "Amama, akuluwa ndi mlembi, koma musawauze." Mawu amenewo ndi okhawo amene ndinafika nawo pakhonde osachotsako kanthu.

Ndinkati nkhani yatha. Ndinali nditayamba kupumitsa mawondo pamene abambo anatsokomola.

"Maliro ndawalandira. Nanga wandipha ndani?"

Mkamwana sauza munthu dzina la wakupha buku lisanatuluke, ngakhale mwamuna wake amene pafoni. Ndinachita kumugwira mwendo. Anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti ndi wakuba mbuzi, anamudikirira pamlatho ndi mpini wa khasu.

Abambo anaseka kuseka kowawa. "Wakuba mbuzi? Ine amene ndinagwira nkhunzi yolusa panyanga ku dibi losambitsira ng'ombe, anyamata onse ali m'mitengo? Akasinthe."

Mkamwana anapereka mnansi wolimbirana naye malire a dimba. Abambo anati, "Uja? Mphepo ikaomba amagwira mtengo." Anapereka chigawenga chochokera ku Joni ndi mfuti. Abambo anati mfuti ndi ya amantha, ndipo mlendo angaidziwe bwanji njira yawo. Anapereka mkulu wa mpingo mnzawo wansanje. Abambo anakhala ngati akomedwa, kenako anati ayi, ameneyo akamva adzayamba kudzimva.

Apa mkamwana anatopa. Anati buku ndi lake, wakupha ndi wake. Abambo anati bwalo ndi lawo. Anyamata ogula zitsulo anabweradi, anazungulira galimoto uku akuigogoda ngati dzungu, n'kunena kuti abweranso ndi nyundo. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo. Nditalowa m'nyumba mwa mkamwana ndinapeza watsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, akuipukuta fumbi. Sanandiyang'ane.

Ndinapita pakhonde osagwada n'komwe.

"Nanga mukufuna akupheni ndani, abambo? Mkango? Mwanayo akulongedza!"

Anatembenuza chipewa pabondo. Kenako anayankhula osatsokomola, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Wondipha ine akhale wodziwa pamene ndimagoneka njinga. Akhale wodziwa kuti pamtsetse wa kumlatho sinditsika, ndimangodalira mabuleki. Akhale woti akandiyandikira sindimuyang'ana m'manja. Ndipo akhale wolimba mtima kuposa ine. Munthu wotero m'boma lonse la Mzimba alipo mmodzi."

Anandiyang'ana, n'kufulumira kuyang'ana nkhuku.

Mudziwe kuti chikwatirane, mwamuna ameneyu sanandiyamikirepo. Ndiwo zikakoma chotani amangoti zadyeka. Tsiku limenelo ndiye anandiyamikira, pondisankha kuti ndimuphe. Ndinapita kwa mkamwana nkhope ikutentha ngati ya namwali.

Anasiya sutikesi, anathamangira m'galimoto, ine pambuyo. Atamva bwinobwino analumpha mpaka kugunda mutu kudenga.

"Mkazi wake! Amama! Uja analira kuposa onse pamaliro! Anamasula mabuleki njinga ili m'nyumba!" Anatenga nyemba yofiira n'kuiika pafupi penipeni ndi yoyera. Kenako anaima. "Koma chifukwa chake n'chiyani? Munthu sapha mwamuna wake popanda chifukwa. Kawafunseni adada."

"Pamenepo sipofunsa adada. Sendeza mbaleyo ndikhale."

Ndinamuuza za mbuzi. Ndili mtsikana, ndili ndi pakati pa mwana wanga amene ndi mwamuna wake yemweyo, tinapita ndi abambo kumsika ku Manyamula panjinga, ine pakaliyala. Kumeneko anagula mbuzi. Pobwerera anamangirira mbuziyo pakaliyala, pamalo panga, ataiyalira thumba kuti isapweteke. Ine ndinayenda pansi, dzuwa lili paliwombo, mchere ndi sopo pamutu. Iwo patsogolo ankaliza mabelu onse awiri kuti anthu aone mbuzi. Mbuziyo inkandiyang'ana njira yonse uku ikubzikula. Sindinanenepo kanthu tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, koma pakaliyalapo sindinakwerenso, ndipo iwo sanafunse chifukwa.

Mkamwana analemba osadya mtedza ndi umodzi womwe. Loweruka lotsatira anawerenga chigawocho mokweza kuposa masiku onse, zenera atatsegula mbali ya kukhola. Mkazi wa m'bukuyo anasunga mbuzi ija mumtima mpaka imvi, kenako anabwereka sipanala. Kukhola kunkamveka kugogoda. Atafika pa mabelu awiri, kugogoda kunaleka. Ng'ombe zokha ndi zimene zinkapuma.

M'mawa mwake ndinamva chipwirikiti pabwalo. Abambo, mkulu wa mpingo, ankathamangitsa nkhuku, chipewa chitagwera uko. Inali yomwe ija inameza wakupha woyamba. Ataigwira anapita nayo kumango, anaima pakhomo la galimoto, n'kutsokomola kawiri. Mkamwana anatuluka msangamsanga kuti apatuke, koma kopatukira kunalibe, anangogwada pomwepo.

"Mwana wanga, landira nkhuku yako. Buku lipite. Galimoto ikhale."

"Yewo, adada." Mawu ake anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani.

"Koma mbuzi ija inali yodwala mwendo. Ulembemo."

"Ndikalembamo, adada, owerenga akumverani chisoni, ndiye amama aoneka oipa."

Abambo anandiyang'ana ndili chiimire ndi tsache m'manja. "Usalembemo," anatero.

Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati. Anyamata a zitsulo atafika ndi nyundo zawo, abambo anawafunsa kuti anawaitana ndani. Buku linapita mvula isanagwe, ndipo litatuluka anthu sanavutike kutizindikira. Abambo ankalitenga kumisonkhano ya akulu a mpingo n'kumaonetsa anzawo pamene pali ng'ombe yakuda. Ine amuna a m'mudzi muno tsopano amandipatsa moni ndi manja awiri, ataimitsa njinga patali. Akazi awo amabwera mmodzimmodzi ngati odzapempha mchere, n'kumandifunsa chapansipansi kuti kanati ka mabuleki ndi kati.

Ntchito yanga yonyamula mawu inathera pankhuku ija, kanjira ka m'bwalo kanamera udzu. Awiriwo tsopano amayankhulana kuposa muyeso. Loweruka abambo amalowa pampando winawo, mbale ya mtedza pamiyendo, n'kumatsutsa kuti wapolisi sangayende kuchoka ku Euthini kufika ku boma osaima penapake kumwa thobwa. Mtedza amamaliza iwo. Anthu a m'mabuku a mkamwana masiku ano akuchedwa kufa.

Lamulungu lotsatira nkhuku ija, ndikutuluka ndi buku langa la nyimbo m'manja kuti ndiyambe wapansi wa kutchalitchi monga mwa masiku onse, ndinapeza njinga itaima pakhomo, kaliyala atapukuta, atayalapo thumba lopinda bwino. Sindinafunse ngati linali thumba lomwe lija.

"Kwerani, amayi," anatero abambo.

Ndinakwera. Asanapalase anafinya buleki yakumanja, anafinya yakumanzere, anandicheukira, n'kufinyanso zonse ziwiri. Njira yonse ankaliza mabelu awiri kuti anthu aone. Titafika pamwamba pa mtsetse wa kumlatho anaima, anatsokomola kawiri.

"Apa titsike, amayi. Tiyende pansi."

Tinatsika, iwo akukankha njinga, ine pambali pawo.